Bokosi Lomaliza la Idi

Bokosi linatsala limodzi, koma olifuna anali awiri.

A Haji Fathallah, eni sitolo ya zidole, analisanjika dzanja ngati lithawa. Kunali kutatsala masiku awiri kuti Idi ifike, dzuwa la m'tauni ya Tanta lili paliwombo, ndipo munthu amene wasala kudya ndi kumwa sachedwa kupsa mtima. Kunena zoona, a Haji ankapsa mtima ngakhale atakhuta.

Chidolecho sichinali chodabwitsa ayi. Linali dzira lalikulu lapulasitiki, mkati mwake dzira lina, mkati mwa linalo kachidole ka tsitsi lobiriwira. Chaka chatha chikanangokhala pashelefu n'kumadya fumbi. Koma sabata imeneyo Rodaina anali atachitsegula pa foni, basi tauni yonse inapenga.

Rodaina ankadziwika ndi mwana aliyense. Nkhope yake sinkaoneka. Pa kanema pankangooneka timanja tiwiri pa tebulo loyera, tikung'amba pepala pang'onopang'ono, ndi kamawu koti, "Tiyeni titsegule limodzi!" Chimene timanjato tagwira Lachisanu, pofika Lolemba chinkakhala chitatha m'masitolo. A Haji ankawanyoza makanemawo m'mawa ndi madzulo, komatu katundu wawo ankaitanitsa poonera pomwepo.

Woyamba kulifuna bokosilo anali bambo wina woyendetsa minibasi, kamwana kake kakakazi katamukakamira pa mwendo, kakulira, mamina ali chuchuchu. Wachiwiri anali Wafaa, mayi wosoka zovala amene anasamukira kuseri kwa mzikiti zaka ziwiri zapitazo.

Wafaa ankabwera Loweruka lililonse. Ankatulutsa foni yosweka galasi, kuonetsa kanema watsopano, n'kumuimitsa pamene dzanja lamanzere layandikira, lija la kachipsera pa chala chachikulu. Ankayang'ana nthawi yaitali. A Haji ankati akuonetsetsa mtundu wa chidole, chifukwa ankafuna mtundu womwewo umene Rodaina wagwira, osati wina. Pepala lokulungira ankalikana. Mwanayo sankabwera naye.

Kuno mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake. A Haji anamufunsapo tsiku lina kuti, "Tizikuitanani amake ndani?" Iye anangomwetulira n'kunyamula katundu wake.

Choncho a Haji anali atamaliza kale mlandu wake m'mutu mwawo. Kunyumbako kuli kamwana kosasatitsidwa, kamene kamagona ndi foni n'kudzuka ndi foni, ndipo mayi ake akuboola zala ndi singano kuti kasalire. Nsapato za Wafaa zinali zosokedwa kawiri. A Haji zinkawawawa.

"A Haji, chonde," anatero Wafaa motsitsa mawu. "Ndinabwera Loweruka, munati mundisungira."

"Ndinati Mulungu akalola. Ndiye sanalole."

"Ine ndayenda masitolo asanu ndi awiri, a Haji," anatero woyendetsa minibasiyo. "Mundibweze chimanjamanja, usiku wa lero mukagona naye ndinu ameneyu."

A Haji anakankhira bokosilo kwa bamboyo. Kenako anatembenukira kwa Wafaa, chala chili m'mwamba.

"Mwana wanga, ndikuuze ngati bambo ako. Zidole zimene watenga muno zikhoza kudzaza ngolo. Mwana wakoyo alire kamodzi, sangafe. Ukudziwa amene akukudyera thukuta? Ndi awa a pa foniwa. Kamwana ka pa foni kameneka kakugwira ntchito, tsiku lililonse pa tebulo, tsegula ichi, seka apa. Ine ndimafunsa, mayi ake ali kuti? Ndi mayi wanji wolola mwana wake kusanduka msika? Alibe chisoni ameneyo, ndikulumbira pamwezi wosala uno!"

Milomo ya Wafaa inauma kuposa mmene kusala kumaumitsira.

Kamwana ka bamboyo sikanadikire kufika kunyumba. Kanakhala pansi pomwepo pakhomo, kanapukuta mamina ndi mkono, n'kuika bokosilo pa miyendo. Kanakweza mawu monga amachitira ana onse a mumsewu umenewo.

"Tiyeni titsegule limodzi!"

Wafaa anagwada pambali pake. Pepala likung'ambika, milomo yake inkayenda, kutsatira mawu onse a mu kanema uja osaphonya ngakhale amodzi. Dzira loyamba litatseguka, anatambasula dzanja.

"Ndingaligwireko pang'ono, mwanawe?"

Kamwanako kanakumbatira dziralo n'kuthawira kumbuyo kwa bambo ake. Iwo anapepesa mwamanyazi, n'kutuluka naye. Pansi panatsala zidutswa za pepala. Wafaa anayamba kuzitola chimodzichimodzi, kuziwongola pa bondo, misozi ikugwera pa nsana wa dzanja.

Apa a Haji mtima unawasweka. Anali aukali, koma sanali oipa.

"Aa, iwe, kulirira pulasitiki? Dzuka, dzuka. Idi ikatha ndiitanitsa ena, loyamba ndi lako. Kapena ubwere naye mwanayo mawa, asankhe chilichonse muno, ndimupatsa ine. Ndimuuza ndekha kuti mayi ake anayesetsa."

Wafaa anadzuka. Anaika foni pa tebulo, kanema ataima pamalo pake pa masiku onse, n'kukhudza kachipserako ndi chala chake chobooka ndi singano.

"Apa anapsa ndi tiyi wanga, ali ndi zaka ziwiri. Ukwati utatha bambo ake anapita naye kunja, chino n'chaka chachitatu, ndipo nambala anasintha. Ndimangofuna kugwira chimene wagwira." Anapinda zidutswa zija n'kuziika m'chikwama. "Munandifunsa kuti ndine amake ndani, a Haji. Ndine amake Rodaina."