Nkhukundembo za ku Oadby

Darlington anapisa m'thumba la jekete kachitatu. Munali makiyi a galimoto ndi magolovesi a kuntchito basi. Envelopu ya nthenga anaiiwala kunyumba ku Wigston, pamwamba pa firiji. Mayo ine! Tsiku loiwala nthenga n'kukhala lero?

Kutsogolo kwake a Mahomed, mkulu wa zaka 79 amene Darlington ankamusamalira, ankaponda pang'onopang'ono ndi ndodo, maso ali pansi. Anali m'kanjira ka m'mphepete mwa minda kuseri kwa tauni ya Oadby ku England, m'mawa wina wozizira mu Epulo.

Chiwachitireni opaleshoni ya m'chiuno, a Mahomed anakaniratu kuyenda. Adokotala analankhula mpaka kutopa. Mwana wawo Rukhsana ananyengerera, analira, kenako anaika lamulo: Lachinayi la kumapeto kwa mwezi a fiziyo, ophunzitsa odwala kuyendanso, akubwera, ndipo bambo akalephera kuyenda okha kwa mphindi makumi awiri, apita kumalo osungirako okalamba. Mkuluyo anangoti m'nyumba imene anamwaliriramo akazi ake adzatulukamo ali mtembo, n'kutembenukira kukhoma.

Chimene chinkawadzutsa chinali chimodzi, mavidiyo amene mphwawo wa ku Texas ankatumiza pa foni, a anthu akusaka nkhukundembo zakutchire dzinja lozizira likatha. Pajatu a Mahomed anasaka nkhanga ku Balaka kwa zaka makumi atatu, Lamulungu lililonse akatseka golosale. Ndiye tsiku lina Darlington, pakamwa pake posachedwa, anangoti, "Kuseri kunonso ziliko. Ndinaona nthenga."

Bodza la masanasana! Ku England nkhukundembo zake ndi za m'khola ndi za patebulo pa Khirisimasi. Koma mawa lake anapeza mkuluyo atavala kale nsapato.

Nthengazo Darlington anazigula pa intaneti, kwa anthu ogulitsa zopangira mivi. Pa paketi panalembedwa kuti za phiko lakumanzere, koma iye analibe nazo ntchito zimenezo, nthenga ndi nthenga. Tsiku lililonse ankanamizira kumanga chingwe cha nsapato kapena kutsogola kukaona matope, n'kuponya imodzi patsogoloko pang'ono kuposa dzulo. A Mahomed ankaitola, n'kuitembenuza uku ndi uku, kuiyang'anitsitsa, kenako n'kuiika m'thumba lam'kati la chikhoti chawo. Tsiku loyamba anafika pa geti. Sabata yachiwiri anadutsa mtengo waukulu. Lero, Lachiwiri, kutatsala masiku awiri kuti a fiziyo abwere, ankayesa dera latsopano, cha ku kamlatho ka matabwa. Kufika pamenepo ndi mphindi makumi awiri ndendende.

Koma nthenga ndiye palibe.

"Lero kuli zii, achimwene," anatero a Mahomed ataima.

"Zili kutsogoloko, bambo. Tiyeni pang'ono."

"Mwaziona?"

"Ndikumva m'thupi."

Anayang'ana pansi pa mpanda wa zitsamba, mwina n'kupezapo ya njiwa kapena ya khwangwala. Koma mlenje wa zaka makumi atatu ungamupatse nthenga ya njiwa? Mayi wina wachizungu anadutsa ndi galu, ndipo Darlington anapemphera kuti mkuluyo asamufunse za nkhukundembo. Anangopatsana moni.

Mantha ake anali odziwika. Mkuluyu akakhumudwa lero, mawa sadzuka. Akatulukira kuti ananamizidwa ngati mwana, ndiye kwatha, ndodo iponyedwa kuseri kwa chitseko ndipo Lachinayi a fiziyo adzawapeza pabedi. Darlington anagwirapo ntchito kumalo a okalamba zaka zinayi. Ankadziwa mmene munthu amene wapitako asakufuna amazimira m'miyezi yochepa. Ndipo bambo awa anali atawazolowera, ndi Chichewa chawo cha m'golosale chija, ndi tiyi wawo wa zokometsera zambirimbiri.

A Mahomed anatsamira ndodo, akupuma mwabefu. Kamlatho kankaoneka poteropo, mwina mapazi makumi asanu.

"Tibwerere?" anafunsa Darlington, mtima uli m'mwamba.

"Ayi. Zungulirani kuseri kwa zitsambazi, mukaone ngati zapalasa pansi. Ine ndikudikirani pano."

Darlington anakwera mpanda, n'kuzungulira. Akaonenji? Anangoyendayenda m'matope, kuthyola kamtengo, kukataya, kutulutsa foni, kuibwezanso. Anaganiza zoimbira Rukhsana n'kuulula zonse. Anaganiza zothamangira ku Wigston, koma nkhalamba ungaisiye yokha m'munda? Mpaka anatola masamba ouma n'kuwamwaza ndi phazi, kuti anene kuti zapalasa.

Atabwerera, pamene anawasiya panalibe munthu.

"Bambo Mahomed!"

"Musakuwe, muzithawitsa!"

Mawuwo anachokera pa kamlatho. Mkuluyo anali ataima pamenepo, yekha, ndodo ataikoleka pa thabwa. M'dzanja anakweza nthenga yaitali ya mizere yakuda ndi yoyera.

Darlington anathamanga. Anailandira nthengayo. Ya nkhukundembo yeniyeni! Iye sanafikeko pano chiyambire. Kapena ina inathawa pa famu? Kapena zilikodi? Anayang'ana kumwamba n'kuthokoza Mulungu, amene wasandutsa bodza la munthu wosauka kukhala zoona. Anayang'ananso wotchi. Mphindi makumi awiri ndi zitatu.

"Ndinakuuzani, bambo! Ndinati zili kutsogolo!"

"Munatero," anavomera a Mahomed.

Kenako anapisa m'thumba lam'kati la chikhoti, n'kutulutsa mtolo wa nthenga womanga ndi labala. Anatenga ija m'manja mwa Darlington, n'kuibwezera pa zinzake, n'kumupatsa mtolo wonse.

"Ndinaona kuti lero mwaiwala zanu. Mawa mukaponye kutsidya kwa mlathowu. Koma ulendo wina mugulekonso zakumanja, achimwene. Zaka makumi atatu ndikusaka, sindinaonepo mbalame ya phiko limodzi."