Magalasi a ku Joni

"Wazimitsanso," anatero Medson. "Ndikangoyandikira, foni yako imafa. Ndi mwamuna uti ameneyo?"

Eneless anali pakhonde, foni ataigwira chopingasa. Mwamuna wakeyo anali atatha sabata ziwiri zokha chibwerereni ku Joni, kumene anakhala zaka khumi ndi ziwiri. Magalasi akuda amene anabwera nawo sankawavula ndi m'nyumba momwe.

"Foni ikuyaka iyi, bambo a Thoko. Simukuona?"

"Ndikuona mdima. Mmene ndinkachoka, akazi a mu Area 23 anali ndi manyazi. Longedza, uzipita kwa amene akukusekererayo."

Amayi a nyumba zoyandikana anasiya kuchapa. Eneless anaimirira, nakwatula magalasiwo kumaso kwa mwamuna wake, n'kumuonetsa foni. Inali kuwala bwinobwino. Ataiphimba ndi galasi limodzi inada bii, atalichotsa inawalanso.

"Wokonza mafoni ku Mchesi anandiuza kuti magalasi oletsa kuthobwa ndi dzuwawa amadetsa foni ikapingasa. Ndimadikira kuti tsiku lina muvule nokha."

Pafonipo panali chithunzi cha Thokozire, mwana wawo, atavala velo. Amene anamugwira dzanja pakhomo la tchalitchi anali malume ake.

Medson anatambasula dzanja. "Tabweretsa ndione bwino."

Eneless anamanga foni pansonga ya chitenje, nam'bwezera magalasi.

"Valani, dzuwa lingakuthobweni. Ukwati wake simunabwereko, chithunzi mukuchifuniranji?"

Analowa m'nyumba kukalongedza.