Mpando Unali Pati?

"Ndakukonzeraninso mpando uja, mayi," anatero makaniko akupukuta manja monyadira. "Linali dzimbiri chabe. Ndapala, ndapaka girizi, basi wayamba kuyenda."

Mayiwo galimoto yawo anaibweretsa kuti angosinthitsa oyilo, osati zinazo.

Chimwalirireni amuna awo, mpando wa dalaivala unali pomwe malemuwo anausiya, kutali ndi chiwongolero, poti anali munthu wa miyendo ngati nsungwi. Mayiwo ankangoika kapilo kumsana, n'kumaponda buleki ndi nsonga za zala. Ana akadandaula, ankangoti, "Unauma, tidzakonzetsa."

Mayiwo analowa m'galimotomo n'kukhala. Phazi linafika pa buleki bwinobwino. Kapilo kaja kanali kataponyedwa kumbuyo.

"Mwaonatu! Tsopano ndiye ndi yanudi," anatero makaniko uja.

Mayiwo anakoka kachitsulo ka pansi n'kukankhira mpandowo m'mbuyo. Unatsetsereka mpaka kumapeto. Anaubweza pang'ono, kenako anaukankhanso.

"Unali pati kodi, achimwene?" anafunsa.

Makaniko anawerama n'kusuzumira tinjanji ta pansi pa mpando. Tinali mbee, popanda ngakhale kachizindikiro.