Chingwe pa Tsiku la Maliro

Chingwe cha intaneti cha m'mudzimo chinali ngati mpope wa madzi: anthu akatsegula ambiri, aliyense ankangolandira madontho. N'chifukwa chake kukagwa maliro, mudzi wonse unkazimitsa mafoni, monga momwe kale anthu ankasiyira makasu, kuti achibale akutali aonere mwambo bwinobwino.

Tsiku loika amuna awo, a Nasimango anaimika foni m'mwamba kumandako kuti mwana wawo Fatsani, yemwe anali ku Joni, atsanzikane ndi bambo ake. Bokosi litangoyamba kutsika, chithunzi chinauma.

"Amayi, sindikuona kanthu. Atsitsa kale?"

Mawu anathera pomwepo. Adzukulu sadikira chingwe, anakwirira.

Pobwerera, a Nasimango anadzera pakhomo pa alamu awo, a Chikakuda, omwe anatsala kunyumba ati miyendo yatupa. M'nyumbamo munkamveka phokoso la mpira.

"Alamu, achimwene anu aja tawaika."

"Pepani mlamu, ndimangoona zigoli zokha. Kafoni kamodzi kangamalize chingwe chonse?"

A Nasimango anayang'ana foni yawo. Fatsani anali akadali pomwepo, kukamwa kuli yasa, akudikirabe kuona bambo ake.