Chitseko cha kwa Mlangizi

"Dzuka, tiye kunyumba," bambo ake anatero atamupeza pa benchi ya kuchipatala, panja pa chipinda cha mlangizi wa achinyamata. "Ukufuna anthu aziti mwana wanga wapenga?"

Mtsikanayo, akadali mu yunifolomu ya sukulu, sanasunthe.

"Azinena. Achimwene munkawauza kuti mwamuna salira. Anakumverani, sanalire, mpaka anadzipha. Chiwaikireni m'manda ine sindigona, bambo."

"Za m'nyumba sauza alendo."

"Nanga ndiuze ndani? Inu ndikangotchula dzina lawo mumakweza wailesi."

Mkati munamveka mawu akuti wotsatira alowe. Mtsikanayo anawalambalala bambo akewo n'kugwira chitseko. Anapotokola chogwirira, anakankha ndi phewa, koma sichinatseguke.

Bambo ake anayang'ana pansi, akufinya chipewa m'manja.

"Yamba wachikokera kwa iwe, kenako uchinyamule pang'ono," anatero motsitsa mawu. "Chimatero chimenecho, makamaka kukagwa mvula."

Anachikoka, chitseko n'kutseguka. Anacheuka.

"Mukuchidziwa bwanji chitseko chimenechi?"

Bambo ake anangokhala pa benchi paja, pamalo a wotsatira.