Nsalu Yobisika mu Msoko

Panali munthu wina, kalaliki wa pafakitale ya sopo, amene ankakhala yekha m'chipinda cha lendi kutali ndi kwawo. Mkazi wake anali atamwalira. Mayiyo anali wodziwa kusoka, ndipo chaka chimene ankadwala anamusokera mwamuna wakeyo malaya asanu a nsalu ya thonje lenileni, yolimba koma yopita mphepo. Mkati mwa kolala iliyonse anasokamo kamtanda ka ulusi wofiira, kuti malayawo asasokonekere ndi a anthu ena pachingwe choyanikira.

"Inu mudzanenepa ngati bambo anu, muona," ankatero mayiyo akupalasa makina.

"Ine? Wowonda ngati msomali chonchi?" Bamboyo ankangoseka.

Kwa zaka zinayi atatsala yekha, ankavala malaya omwewo, Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka ankawachapa, kuwasita, n'kuwapachika pamisomali isanu kuseri kwa chitseko. Akamasita ankawauza nkhani za kuntchito, poti m'chipindamo munalibe wina womumvera.

Kenako mimba inayamba kutuluka, mabatani n'kuyamba kukoka. Anzake kuntchito sanamusiye.

"Akulu, batani limenelo likadzathothoka lidzaboola munthu diso!"

Tsiku lina mlamu wake, mng'ono wa malemuwo, anaimba foni, ndipo iye anamudandaulira kuti malaya aja amuthina.

"Alamu, musawataye," anatero mlamuyo. "Pitani nawo kwa telala akawaone kaye. Achemwali sankasoka mwachisawawa."

"Telala akachita chiyani, mlamu? Akandidula mimba?"

Loweruka lotsatira kunabwera munthu wachilendo ndi chikwama chachikulu, akugogoda khomo ndi khomo. Ankasinthanitsa zovala zakale ndi zatsopano.

"Bwana, akale asanu, atsopano khumi. Awa sakwinyika, ndipo amauma musanamalize kutsuka beseni."

Malaya atsopanowo ankanyezimira m'mapepala awo. Mlendoyo anatenga amodzi mwa akale aja, anawatembenuza, n'kuyendetsa chala mumsoko. Kenako anawaponya msangamsanga m'chikwama, onse asanu.

"Zachikale izi, bwana. Zingokhala zokolopera."

Bamboyo anakumbukira mawu a mlamu wake, koma anakumbukiranso kuseka kwa anzake. Analola.

Lolemba anapita kuntchito akuwala. Pofika masana anali atanyowa thukuta ngati wavala jumbo, fungo lili guu. Malaya ena anasungunuka atangowagunditsa simbi, ena anang'ambika m'khwapa, ena anasuluka. Pomatha miyezi itatu anatsala ndi awiri. Loweruka ankasita mwakachetechete. Malaya amenewa analibe nawo nkhani.

M'mawa wina, akudikira basi, anaona bambo wina wonenepa kuposa iye atavala malaya a mizere yobiriwira. Anawazindikira nthawi yomweyo. Anali ake aja ankavala Lachitatu, ndipo anamukwana bwinobwino munthuyo, batani lililonse lili phee.

"Pepani achimwene, ndingaoneko mkati mwa kolala yanu?"

"Aa, mwayamba liti ntchito yoyendera makolala a anthu?" anaseka bambo wonenepayo, koma anawerama. Kamtanda kofiira kanali pomwepo.

"Munawapeza kuti?"

"Kumsika. Onse ankawalimbirana. Wogulitsayo anati telala wake anangomasula msoko, n'kupeza nsalu yopindidwira mkati, zala zitatu mbali iliyonse. Nsalu ngati iyi siipezekanso, gwirani muone. Amene anasoka ankadziwa kuti mwini wake adzanenepa, ndiye anamusiyira malo. Bwanji, mumamudziwa?"

"Ndinkamudziwa," anayankha kalaliki uja. "Mungandigulitse?"

"Nanga ndivule pompano? Tionane mawa nthawi ngati ino."

Basi inafika, bambo wonenepayo anakwera. Kalalikiyo anatsala ataima, basi yake n'kumudutsa osaiona. Apo m'pamene anamvetsa: mkazi wake ankadziwa kuti sadzakhalapo pa nthawi ya mimbayo, ndiye ntchito ya zaka zimenezo anaigwiriratu, n'kuibisa mumsoko.

Mawa lake anabwera msanga, anadikira mpaka kuchedwa kuntchito. Mkuja wake chimodzimodzi. Munthu uja sanamuonenso. Amene amadutsa pamalopo amati mpaka lero bamboyo amafika m'mawa basi isanabwere, n'kumayang'ana malaya a aliyense wokwera ndi wotsika.

Phunziro: Zovala zochepa za nsalu yeniyeni zimaposa mulu wa zonyezimira. Chovala chabwino chikakuthinani kapena chikatha kolala, pitani nacho kwa telala musanachitaye, ndipo m'bale wanu akakuchenjezani musamuyankhe ndi nthabwala. Tumizirani uthengawu anzanu ndi abale anu, makamaka amene akukhala okha, asanatsegulire chitseko munthu wa chikwama.