Ngwazi Yophonya

Dolores anaimika burashi m'malere. Ntchito yake inali yopaka inki pa zithunzi za nthano za ngwazi youluka zimene Emil anajambula ndi pensulo, koma tsamba lomalizali linali losiyana ndi ena onse.

Ngwazi youluka ija, imene mwezi uliwonse inkawakha anthu akugwa pa nyumba zosanja za New York, apa inatambasula manja opanda kanthu. Wakugwayo anali ataidutsa kale, atavala magalasi a Emil. Emil yemweyo anamuika m'manda dzana, atagwa pazenera la ofesi yomweyi.

"Konzani, mayi," anatero a Lasko, mkonzi wa nthanozo, ndudu ili pakamwa. "Ndi mwana uti angagule ngwazi yophonya? Muikeni m'manjamo."

Dolores anafufuta munthuyo n'kumujambulanso ali bwinobwino m'manja mwa ngwazi. Kenako anapita kukatsuka burashi.

Pobwerako anapeza manja aja alibenso kanthu. Munthu uja anali atatsika kufupi ndi msewu, inki yake ikadali yonyowa. Magalasi analibe. Pakamwa pake panali ndudu.

"Koma muno mukutentha bwanji!" anadandaula a Lasko kumbuyo kwake, uku akukankha zenera.